Dzina la Rashidi ndi Agogo Amene Ndinawapeka

Kalekale, ndisanaone sinowo ndi maso anga, nthawi imene kalata yochoka ku Salima inkagona m'njira masabata awiri isanafike ku Dedza, ine ndinali mtsikana wa fomu wani pasukulu ina yogonera komweko, ndipo musandione lero ndikukoka mawondo amene mashifiti anawadya, ana inu, ine ndinali mtsikana woti ndikadutsa, anyamata ankaiwala chimene awatuma. Sunthani mipandoyo mufike kuno, tiyi azizira, ndipo inu a ku Stoke lekani kuyang'anayang'ana foni, sitima yanu ikadali kutali. Mwandifunsa kuti dzina la Rashidi ndinalitola kuti, poti timapemphera limodzi kutchalitchi pomwe dzinalo limamveka la kumzikiti. Ndikuuzani zoona zake, chifukwa bodza lake ndinalisenza zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo linatsala pang'ono kundilanda mwana.

Pasukulupo, sabata yoyamba, atsikana ankafunsana mfunda. "Iwe ndiwe nachiyani?" Wina Naphiri, wina Nabanda, wina Nankhoma, ndipo a Naphiri awiri akapezana, basi ubale wayamba pomwepo, botolo la chiponde limodzi, sopo mmodzi, wina akadwala mnzake ndiye wokamutengera chakudya. Ine ndinakulira m'nyumba za antchito a njanji, bambo anga anali kalaliki pasiteshoni, ndipo za mifunda sindinafunsepo, ndinkati ndi zakumudzi. Atandifunsa ndinangotchula dzina la bambo anga, Rashidi. Mtsikana wina wamwano anati, "Ndiye tizikuitana kuti Narashidi?" Hositelo yonse inafa nacho chiseko.

Koma ine kugonja ayi. Sabata yomweyo tinali titaphunzira za Aluya, Aarabu aja ankabwera ku Nkhotakota, ndipo ndinaimirira pabedi n'kunena kuti, "Ife mfunda sitiufuna. Agogo anga anali Mluya weniweni wa ku Zanzibar, anabwera pa chombo chathanga chodzaza nsalu ndi mikanda, ndipo a Rashidi onse padziko lapansi ndi magazi amodzi, banja lachifumu. Simukuiona mphuno yangayi?" Ndinatembenuka cham'mbali kuti aione bwino. Anaiona, ndipo anakhulupirira, chifukwa mphuno yokha ndiye ndili nayo, imeneyo sindinapeke. Lero mwana akanama chotero mnzake amangotulutsa foni, mphindi imodzi bodza lafa, koma masiku amenewo bodza linkadya msipu mwaufulu mpaka kunenepa. Pofika fomu folo chombo chija chinali chitaswana n'kukhala zombo zitatu, ndipo ine ndemwe ndinayamba kuwaona agogowo m'maganizo, ndevu zawo, nduwira yawo, chilichonse.

Nditabwera kuno ku Birmingham, Tadala wanga ali ndi zaka zinayi, bambo ake anali atasowa kale ku Joni, choncho mwanayo ndinamulembetsa dzina langa. Loweruka lina ndinakwera basi kupita ku Sparkhill kukasaka nsomba zouma, ndipo nditatsika mu Stratford Road ndinangoima chilili. Pakhomo la sitolo ya nsalu, Rashid. Pa chikwangwani cha dokotala wa mano, Rashid. Tekisi itaima pambali panga, pakhadi la woyendetsa, Rashid. Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti banja lachifumu lake ndi lotani lochuluka ngati linthumbu, koma ine, mwini satifiketi ya fomu folo ya makirediti asanu, ndinati, "Mwaona! Abale anga anatsogola."

Ndinalowa m'sitolo ya nsaluyo, ndinapinda mawondo, dzanja lamanzere litagwira mkono wamanja monga tinaphunzitsidwira, n'kumuuza mdala wa ndevu zoyera amene anali pakauntala kuti ndine mwana wake wochokera ku Malawi. Mdalayo anali wa ku Yemen, munthu waulemu kwambiri. Anayang'ana dzina pakhadi langa, anamwetulira, ndipo anati, "Mlongo wanga, Rashid ndi dzina limene bambo amapatsa mwana wake. Langali linali la agogo anga. Rashid wa mano uyo ndi wa ku Pakistan, chilankhulo chake sindichimva n'komwe. Wina wogulitsa nyama kumtunda uko ndi wa ku Somalia. Ubale wathu ulipo, koma ndi wa kwa Adamu." Anandipatsa tiyi wa zonunkhira ndipo tinasiyana bwino. Mukuganiza kuti ndinamva? Ndinasankhamo zimene ndinkafuna. Mawa lake kutchalitchi ndinauza azimayi kuti mtundu wathu uli ku Yemen, uli ku Pakistan, mpaka ku Somalia, ndipo amalume anga ena ali ndi sitolo ku Sparkhill.

Nthawi imeneyo Amalawi kuno tinali ochepa, osati ngati lero pamene ukayetsemula m'basi wina amakuyankha m'Chichewa. Tinkadziwana tonse, ndipo nkhani yanga aliyense ankaidziwa pamtima, makamaka Anaphiri a ku Dowa, mnzanga amene tinayamba limodzi ntchito yosamalira okalamba. Anaphiri ndi munthu wabwino, anandilerera Tadala ndikakhala kuntchito, koma ali ndi matenda amodzi: saiwala mawu amene munthu wanena.

Zaka zinapita, Tadala anamaliza yunivesite, wa zamankhwala, ndipo sinditopa kunena zimenezo chifukwa ndinamuphunzitsa ndi manja awiriwa. Chaka chathachi anandibweretsera mnyamata. Nesi pachipatala chachikulu cha ku Stoke, wa ku Machinga, woimba besi m'kwaya, ndipo atalowa muno anakana sofa, anakhala pansi pakapeti kundipatsa moni. Ndinamukonda asanatsegule pakamwa. Nditamufunsa dzina anati, "Ndine Limbani Rashidi, amayi." Ine ndinangoseka ndi chimwemwe, osaona dzenje limene ndinakumba ndekha.

Lamlungu lotsatira, azimayi titakhala pa tiyi titaweruka mapemphero, ndinalengeza mokweza kuti mwana wanga wapeza banja, nesi, dzina lake lakuti. Anaphiri anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Amake Tadala, pepanitu, mwina ine ndi amene ndakalamba. Si inu munatiuza kuti a Rashidi onse ndi magazi amodzi? Nanga mwana akwatiwa bwanji ndi mlongo wake?"

Ana inu, apa ndi pamene ndimachita manyazi mpaka lero. Ndikanangoseka n'kunena kuti amayi inu ndinkakunamizani, zikanathera pomwepo ndi chiseko cha sabata imodzi. Koma maso makumi awiri anali pa ine, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "N'chifukwa chake ndati nkhaniyi ifunika kuiona bwino." Ndinabwera kunyumba kuno n'kumuuza Tadala kuti za ukwati ziyambe zaima, magazi ndi magazi.

Anandiyankha m'Chingerezi, monga amachitira ana athu akapsa mtima, chothamanga choti ine wa makirediti asanu ndinatolapo theka. Kenako anabwerera ku Chichewa chake chotsimphina chija. "Mami, inu mukudziwa kuti si zoona."

"Ukunditcha wabodza, iwe mwana ndinakubereka kumsana?"

Anatenga chikwama n'kupita. Masabata atatu foni yanga sinalire ndi dzina lake, ndipo sabata yachinayi kunabwera uthenga wachidule: iye ndi Limbani atenga tsiku ku ofesi ya boma yolembetsa maukwati, ndikafuna ndibwere, ndikapanda kufuna ndisiye. Mwana mmodzi yekhayo, kukwatiwa popanda chinkhoswe, popanda nthungululu za mayi wake, chifukwa cha agogo amene sanabadwepo. Ndinkapita kuntchito, ndinkasambitsa okalamba anga, ndinkawaseketsa, koma ndikafika kunyumba ndinkangokhalira kuyang'ana foni.

Amene anatipulumutsa ndi a Shaibu, amalume ake a Limbani, bambo wachikulire wachisilamu amene amakhala ku Wolverhampton. Iwo anati ana asathamangire ku boma, nkhani ya magazi ili ndi eni ake, ankhoswe akhale pansi alondole mibadwo monga timachitira kwathu. Tinakumana masana a Loweruka m'chipinda chomwe chino. A Shaibu anakhala pamene mwakhala inupo, Limbani pansi, ndipo mbali yathu, poti kuno ndilibe m'bale, anaimirira Anaphiri. Tadala anabwera koma anakana kukhala, anaima pakhomo apo, jekete osavula, makiyi a galimoto ali m'manja. Foni tinaitsamiritsa pa fulasiki n'kuimbira bambo anga aang'ono ku Salima, mng'ono wa malemu bambo anga, amene ndi okhawo atsala odziwa mbiri yathu.

Atapatsana moni wautali, a Shaibu anati, "Bambo, tikufuna timve za a Rashidi anu, Mluya uja."

Pagalasi la foniyo tinangoona khutu, bambo aang'ono atayandikitsa foni. "Mluya uti?"

"Wa zombo zitatu," anatero Anaphiri mothandiza.

Mdalayo anaseka mpaka kutsokomola, ndipo tinadikira kuti amwe madzi. "Zombo? Bambo anga ankaopa ngakhale kuoloka mtsinje. Anali woluka mphasa. Dzina lawo lobadwa nalo anali Likongwe, koma atapita ku jando anatulukako ndi dzina latsopano monga mwa mwambo, shehe anawatcha Rashidi, ndipo chaka chimenecho a Rashidi anatuluka atatu msasa umodzi. Achimwene anga atakayamba sukulu ya mishoni, mphunzitsi anafuna mayina awiri, iwo anangotchula la bambo awo, basi dzina linakhala la banja. Mphuno ya mwana wanuyo ndi ya agogo ake aakazi a ku Ntcheu. Ndipo mumufunse mwana wangayo, poti anaphunzira: zombo za Aluya zija pobwerera zinkanyamula chiyani? Agogo ake akanakwerapo, akanakhala m'gulu la katundu."

Kenako bambo aang'onowo anandiitana ndi dzina langa laubatizo, limene kuno palibe amalitchula. "Agnesi, za Mluyazi anakuuza ndani?"

Ndikuuzeni, yankho linali litakonzeka kale palilime. Ndikanati anandiuza ndi bambo, ndipo bambo ali m'manda, akanatsutsa ndani? Koma ndinamva makiyi aja akulira m'manja mwa Tadala, ndipo ndinadziwa kuti ndikanama kamodzi kenanso, chitseko chitsekeka ndipo sichidzatsegukanso.

"Ndinapeka ndekha, bambo. Ndili fomu wani. Anzanga ankandiseka kuti ndilibe mfunda."

"Ulibe mfunda? Ndiwe Nambewe, chitsiru iwe! Ukanangofunsa!"

Anaphiri anagwa pasofa, kuseka mpaka duku linamasuka. A Shaibu, munthu woleredwa bwino, anayang'ana pansi mpaka chiseko chitatha, ndipo anafotokoza kuti agogo ake a Limbani nawonso dzinalo analitengera ku jando, kwawo ku Machinga, ndipo mfunda wawo ndi wina, ubale palibe ngakhale wa kutali. Anatinso dzinali ndi la Chiarabu ndithu, ndipo Asilamu amalikonda kulikonse, choncho kumene Chisilamu chinafika nalonso linafika, bambo kupatsa mwana, mwana kukalilembetsa kusukulu kapena ku ofesi, mpaka ladzaza mayiko. Tanthauzo lake, anatero, ndi munthu wolingalira bwino, wotsata njira yowongoka. Ponena zimenezo sanandiyang'ane, Mulungu awadalitse.

Tadala anavula jekete, anaika makiyi patebulo, n'kulowa kukhitchini kukatereka madzi a tiyi. Podutsa pambuyo panga anandigwira paphewa, n'kunong'ona kuti, "Zikomo, Anambewe."

Chinkhoswe chinachitika mu holo ina kuno ku Aston, ndipo amene analipo angakuuzeni amene anavina kuposa onse, mawondo omwewa. Mwana wanga analowa m'banja ali Rashidi n'kukhalabe Rashidi, pasipoti osasintha. Anaphiri mpaka lero akandiona kutsidya kwa msewu amakuwa, "Anambewe, zombo zafika?" ndipo ine ndimangokweza dzanja.

Ndiye inu amene mwangofika kumene, mukamaimba foni kumudzi musamangofunsa za mvula ndi za odwala. Akuluakulu aja akadali ndi mpweya, afunseni kuti dzina muli naloli analiyamba ndani, ankagwira ntchito yanji, ankaopa chiyani. Ana anu adzabadwira kuno, adzakufunsani m'Chingerezi, ndipo mudzawapatse agogo enieni, ngakhale akhale oluka mphasa, chifukwa agogo opeka amadya kwambiri ndipo sakhuta. Ine tsopano ndimafunsa, ndipo ndamva kuti mphasa za agogo anga a Likongwe zinalibe zinzake m'boma lonse la Salima, anthu ankachita kuchokera ku Dowa ndi ku Kasungu wapansi kudzazigula. Tadala akuti ndayambiranso. Koma iyi ndi yoona, mukhoza kuwaimbira bambo aang'ono. Kasungu yekhayo ndiye ndawonjezera ine.