Maso a Mayi wa Mikono Khumi: Moyo wa Malemu Shefalika Kundu

Malemu mayi Shefalika Kundu, akazi anga, anabadwa pa 14 Marichi 1951 ku Kumartuli, kumpoto kwa mzinda wathu wa Kolkata. Anali achitatu mwa ana asanu a bambo Haripada Pal ndi mayi Snehalata Pal. Ine ndine Ajitesh Kundu. Ana anga anafuna kuti mbiriyi iwerengedwe ndi munthu wodziwa kulankhula. Ndakana. Ndikudziwanso kuti anzawo a kuntchito mwabwera ndi funso limodzi: zojambula zomaliza za filimu ya malemu, zimene ndinazitsekera m'bokosi kunyumba kuno, nditulutsa kapena ayi? Popanda zojambulazo filimuyo siingatuluke. Ndiyankha, koma mbiri iyambe yatha.

Bambo awo anali oumba zifaniziro za milungu ndi udzu ndi dongo la mumtsinje. Chaka ndi chaka ankaumba mulungu wamkazi amene timamutcha Mayi, wa mikono khumi, atakwera mkango, akulasa chiwanda cha njati. Ankamaliza zonse, tsitsi, nsalu ndi zida, koma maso ankasiya. Maso ankajambulidwa pa tsiku lake, m'mawa, wojambulayo atasamba, asanalawe kanthu. Apongozi angawo ankati chifaniziro chopanda maso ndi dongo, chikalandira maso ndi Mayi. Ntchito ya maso ankaphunzitsa ana aamuna okha. Malemu, pokhala mtsikana, ankangosakaniza utoto. Koma ankaonerera.

Anayamba sukulu mu 1957. Kawiri konse anabwezedwa kunyumba chifukwa chojambula kamkango m'mphepete mwa buku la masamu, tsamba ndi tsamba, kamene kankathamanga munthu akamatembenuza masambawo mofulumira. Ulendo wachiwiri aphunzitsi analanda bukulo osabweza. Zinamveka kuti ankasangalatsa nalo ana awo. Mu 1969 malemu analowa sukulu ya zojambulajambula ndipo anamaliza mu 1973.

Chaka chomwecho tinakumana m'sitima ya mumsewu imene ine ndinali kondakitala wake. Ankakwera tsiku ndi tsiku n'kumandijambula kuseri kwa tikiti. Tsiku lina anandionetsa chithunzicho nati, "Akondakitala, kodi kuseka nakonso mumadulitsa tikiti?" Tinakwatirana pa 3 Disembala 1974. Pa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi za ukwati wathu, iwo ankalankhula, ine ndinkamva. Zinatiyendera bwino.

Mu 1976 anayamba ntchito pa kampani yaing'ono ya makatuni ku Tollygunge. Poyamba ankajambula zotsatsa malonda: sopo wovina, botolo la mafuta a tsitsi loyimba. Zonse zinali za pamanja, zojambula khumi ndi ziwiri pa sekondi imodzi. Mu 1987 anapanga filimu yawo yoyamba ya nkhani za milungu. M'filimu imeneyo Mayi anakhala ndi mikono khumi ndi umodzi kwa masekondi awiri, ndipo palibe anaona mpaka itatuluka. Gogo wina wa ku Howrah analemba kalata: "Ndaonera katatu, ndawerenga katatu. Mkono wowonjezerawo wanyamula chiyani?" Malemu anayankha kuti wanyamula manyazi a kampani yonse. Kuyambira pamenepo anaika lamulo loti aliyense aziwerenga mikono mokweza asanapereke pepala kwa mnzake. Mpaka lero mukadutsa pa ofesiyo mumamva anthu a imvi akuwerenga ngati ana a sukulu: umodzi, iwiri, itatu.

Mkango wa m'makatuni a malemu unkaoneka ngati hatchi, monga ankaumbira makolo akale. Mkulu wa kampani, bambo Pronob Ghoshal, amene akhala apowa, anapempha mkango wa ubweya wambiri ngati wa m'mafilimu akunja. Malemu anati wofuna mkango weniweni apite kumalo osungira nyama ku Alipore. Mkango unakhalabe ngati hatchi, ndipo ana anaukonda.

Mu 1994 inatuluka filimu imene ambiri mumaikumbukira. Chiwanda chimene chimatuluka m'mimba mwa njati chili ndi ndevu zanga, mphuno yanga ndi tsinya langa. Kwa zaka ziwiri okwera sitima ankandifunsa, "Akondakitala, bala la mkondo lija linapola?" Nditafunsa malemu chifukwa chake, anati, "Abambo a Debolina, wina ndani angakhale maola awiri osagwedezeka, osatsegula pakamwa? Ndinu nokha m'Kolkata muno." Anali kunena zoona.

Tsopano za maso. Pa mafilimu onsewa malemu anasunga mwambo wa bambo awo. Ojambula ena ankamaliza thupi, nsalu ndi zida, koma nkhope ya Mayi inkakhala yopanda maso mpaka pomaliza. Apo malemu ankasamba m'mawa, osamwa ngakhale tiyi, n'kukhala pansi kujambula. Chifaniziro cha dongo chili ndi maso a nkhope imodzi. Filimu ili ndi nkhope zikwizikwi. Ntchitoyo inkatenga miyezi iwiri ya m'mawa wokhawokha. Bambo Ghoshal ankazungulira tebulo akudandaula, "Achemwali, njala ndi yanu koma akuonda ndine." Makompyuta atabwera mu 2004 malemu anawalandira. Anawapatsa mitambo, mtsinje ndi magulu a nkhondo. Maso sanawapatse.

Mu 1997 pa kampanipo panabwera mayi Rukhsana Mollah, amene ntchito yawo ndi kujambula zithunzi za pakati, zolumikiza chojambula china ndi chinzake kuti mkono uyende bwino. Anapatsidwa mpando woyandikana ndi wa malemu. Awiriwa anakangana zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi: za zenera, za kuphika nsomba, za amene wabisa burashi ya mnzake. Malemu ankawatcha "aulesi inu", iwo ankabweza kuti "agogo a utoto". Palibe ndi mmodzi yemwe amene anapemphapo kusuntha mpando.

Malemu anapuma pantchito mu 2011, koma m'mawa mwake anapitanso, ndipo anapitabe tsiku lililonse. Mu 2016 anayamba filimu yawo yomaliza, yaitali kuposa zonse, imene ikuyenera kutuluka pa chikondwerero cha Mayi chaka chino.

Anapezeka ndi matenda a shuga mu 2009. Mankhwala ankamwa mokhulupirika, zotsekemera ankabisa m'chitini cha utoto. Pa 18 Sepitembala 2023 anagwa pa tebulo la ntchito, ndipo dzanja lawo lamanja linafa. Panali patatsala zojambula zana limodzi ndi makumi anayi za gawo lotsiriza, zonse zopanda maso. Tsiku lomwelo, titachoka kuchipatala, ndinapita ku ofesi, ndinaziika m'bokosi, ndinabwera nazo kunyumba.

Bambo Ghoshal anabwera kasanu. Anati, "Alamu, musatichite zimenezi. Kompyuta itha kutenga maso a m'zojambula zakale n'kuwaika apa. Ndi ntchito ya masana amodzi." Ndinati ayi. Anabwera ndi akazi awo. Ndinati ayi. Anabwera ndi nsomba yaikulu. Nsomba tinadya. Chifukwa chake sindinawauze, ndichinene lero. Malemu anali atandiuza kuti maso onse akale aja ndi a pankhondo. M'gawo lotsiriza nkhondo yatha, ndipo Mayi akuyang'ana mdani amene amugonjetsa monga mayi amayang'anira mwana wovuta amene wagona. Maso amenewo anali asanajambulidwepo. Kompyuta ikanawatenga kuti?

Malemu anayesa ndi dzanja lamanzere. Anayang'ana zimene zinatuluka, naseka mpaka kutsokomola. Anati, "Taonani, Mayi akuoneka ngati akumbukira kuti asiya mpunga pamoto." Sanayesenso.

Anatisiya m'mawa wa pa 9 Febuluwale 2024, kunyumba kuno, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza ziwiri. Thupi lawo tinalitentha tsiku lomwelo, monga mwa mwambo wathu, ku Nimtala m'mphepete mwa mtsinje.

Sanatchule dzina la woti amalize ntchitoyo. Alongo awo, bambo Gopeshwar Pal, anandiuza kuti maso a Mayi ayenera kujambulidwa ndi mwana wa nyumba ya a Pal. Ena mwanong'ona kuti mayi Mollah sangayenere chifukwa ndi Msilamu. Zonse ndamva. Ndinene zimene ndinaona. Lamulungu lililonse, kuyambira Okutobala mpaka Januwale, mayi Mollah ankabwera kuno. Malemu ankaika dzanja lawo lamanzere pamwamba pa dzanja lamanja la mnzawoyo, n'kumajambula maso pa nyuzipepala zakale, uku akukangana. "Maso mwawathinitsa, aulesi inu! Mayi si mphaka!" Mayi Mollah ankayankha, "Ndiye lekani kundikoka, agogo!" Lamulungu lomaliza malemu anachotsa dzanja lawo. Mayi Mollah anajambula okha. Malemu anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, ndipo sanakalipe. Amene munagwira nawo ntchito mukudziwa kuti zimenezi sizinachitikepo.

Yankho langa ndi ili. Bokosi lituluka Lolemba. Maso ajambula mayi Rukhsana Mollah. Ndinawafunsa dzulo ngati angabwere m'mawa atasamba, asanadye. Anati, "Alamu, za kusala kudya musandiphunzitse, ndimasala mwezi wathunthu." Alamu a Gopeshwar, burashi ya bambo anu ili ndi inu. Mukaibweretsa tidzathokoza. Mukapanda kuibweretsa, mayi Mollah ali nayo yawo. Bambo Ghoshal, si ntchito ya masana amodzi. Mudikire.

Malemu asiya ine mwamuna wawo, ana awiri, Debolina amene amaphunzitsa ku Siliguri ndi Niladri amene amakhala ku Pune, adzukulu atatu, alongo awo a Gopeshwar ndi ang'ono awo a Anjali.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira. Tikuthokoza anansi a pamsewu wathu amene mwatiphikira masiku onsewa, ndi anzawo a kuntchito amene munanyamula thupi lawo pa mapewa mpaka kumtsinje. Tikuthokoza nonse amene mwabwera lero. Chakudya chakonzeka, pasapezeke wochoka asanadye.

Amayi a Debolina, aka n'koyamba kuti ndisankhe chinthu osakufunsani. Ngati ndalakwitsa mudzandikalipira tikadzakumana. Mzimu wanu uuse mumtendere.