Kompyuta Sinapite ku Maliro

Benard atamwalira ku Kanyama, achibale analira ndi diso limodzi, linalo likuyendera katundu, ndipo mkulu wake Given, amene anagubuduzika kwambiri pamanda, ndiye anatuluka ndi kompyuta imene Benard ndi mkazi wake Mainess ankalembera anthu makhadi a ukwati n'kudyetsera ana. Patapita masiku angapo anaikweza pa wilibala mpaka ku Chawama, kwa Tahir wokonza makompyuta ndi mafoni m'kontena, munthu amene chilichonse chomwe wauzidwa amachitenga momwe chabwerera, osachotsera, osawonjezera.

"Iyase," anatero Given, akupukuta thukuta ndi chipewa.

Tahir analumikiza mawaya, nadina batani. Makinawo anang'ung'udza kanthawi, kenako pagalasi panatuluka dzina la malemu ndi kabokosi kopanda kanthu.

"Yayaka. Ifuna ba Benard."

"Benard anafa. Iuze."

"Palibe polemba ivo, mudala. Pali chabe pa pasiwedi."

"Pa chani?"

"Mau yachisinsi yamene mwine wake amalemba kuti iseguke."

"Mwine wake nine manje. Banja inankhala pansi, inagaba katundu."

"Iyi siinaliko ku miting'i."

"Inaliko! Inali pa kona, tinaiphimba na chitenje!"

"Inali yozima."

Given anamukankhira Tahir pambali, nawerama mpaka mphuno inagunda galasi.

"Iwe! Benard tinamuika ku Chingwere. Nine mukulu wake, mimba imozi. Seguka!"

"Siimvela. Ilibe matu."

"Nanga utu tumabokosi tubili?"

"Uto ni maspika. Ni pakamwa."

"Pakamwa pabili, kutu olo imozi? Ah, yatengela mulamu wanga." Anawongola msana. "Lemba Given."

Tahir analemba. "Yakana."

"Lemba Petauke, kwathu."

"Yakana."

"Lemba Yesu. Mufana anali wa kwaya."

"Yakana."

"Yakana Yesu?"

"Yakana."

"Choka apo. Ni manja yako aya ya ku muzikiti."

Given analemba yekha ndi chala chimodzi, lilime lili panja, akusakasaka chilembo chilichonse ngati nkhuku yotola mapira. Kompyuta inakananso, ndipo sinachite n'komwe manyazi.

"Pali njila," anatero Tahir. "Ningachose vonse, niike Windozi yanyowani. Izaseguka, koma izankhala mbee, monga yachoka mu shopu."

"Makadi ya ukwati?"

"Yazayenda."

"Tumaluba tuja na tunkhunda tokongola twamene banthu bamakonda?"

"Tuzayenda."

"Iwe, muli makadi ya mwana wa ba kansala umu! Ukwati ni pa Satade! Nabauza kudala kuti bizinesi ili na ine manje, chikwangwani napenta na pa nyumba!"

"Nayo yazayenda. Chikwangwani chizasala."

"Nifuna nkhuku na mazila yake, wamvela?"

Tahir analoza m'munsi mwa galasi. "Apa pali polobela mulendo. Mungalobe popanda pasiwedi. Koma mulendo sagwila vinthu va mwine wa nyumba."

"Ine? Mulendo? Mu katundu ya mufana wanga wamene nenzo mupapa ku musana?"

"Ndiye mufunika kuloba monga ba Benard. Tumani foni kuli ba Mainess, bamaiziba pasiwedi."

Given anayang'ana denga. Masiku amenewo kuimba foni kunali kwa mabwana. Anthu wamba ankapeja: kuimba kamodzi n'kudula msanga, kuti winayo ndiye awotche tokotaimu yake. Lamulo lake aliyense ankalidziwa, lakuti amene ali pamavuto ndiye amagonja n'kuimba. Given anatulutsa foni yonga njerwa m'chikwama cha pa lamba, napeja, naiika patebulo monyada.

Posakhalitsa foniyo inalira kamodzi, n'kudula.

"Bapeja," anatero Tahir.

"Naona."

"Chitanthauza kuti tumani ndimwe."

"Niziba vamene chitanthauza!"

Anapejanso. Mainess anabwezanso.

"Mukazi uyu alibe ulemu. Na bamuna bake sibanazizile mu manda, apeja bakulu?"

"Tumani chabe."

"Ali pa netiweki inangu, iwe! Kutuma kuja ni monga kutuma ku Joni. Ninamuuza Benard, kwatila mukazi wa netiweki yathu."

"Penze palibe mafoni pamene banakwatilana."

"Ndiye vamene nikamba, anathamangila!"

Tahir anatsegula kabati, natulutsa foni ina yomangidwa ndi mphira. "Iyi ni ya netiweki yao. Ningatume ine."

"Tuma. Koma usakambe kuti nili pano."

Tahir anaimba, nadikira.

"Ba Mainess? Nine Tahir wa makompyuta ku Chawama. Ba Given bakuti nisakambe kuti bali pano."

Given anavula chipewa n'kuchimenyetsa pansi.

"Ehe... ehe, ili pano, yabwela pa wilibala... Awe, siinagwe... Okeyi." Tahir anatseka foni ndi chikhatho. "Bakuti pasiwedi ni ya ba Benard. Sibangapase munthu winangu."

"Bauze kuti nine mukulu wa Benard!"

"Bakuti baziba. Bakuti ndiye chifukwa chake."

"Bauze ni katundu ya banja!"

"Bakuti banja ifunse kompyuta."

Given anazungulira m'kontenamo, ngakhale munalibe malo ozungulira. Kansala anali kumuyembekeza, chikwangwani chinali chitauma kale pakhoma, ndipo anthu a m'komboni saiwala munthu amene wadzitama n'kugwa chagada. Mwadzidzidzi anaima, maso akuwala.

"Ifuna Benard, ayi? Na mukazi afuna Benard? Chabwino. Nine Benard."

"Ndimwe ba Given. Batate banga banakusokelani suti, nikuzibani."

"Iwe, suziba mwambo wathu. Munthu akafa, mubale wake amaloba zina yake. Ine naloba."

"Liti?"

"Manje manje!"

"Ninali pano, sininaone."

"Sichioneka na menso!"

"Ndiye sininganame pa foni. Vinthu va so vifuna mboni."

"Mboni? Ufuna mboni?"

Given anatuluka n'kukwera pa njerwa ya pakhomo. Wometa tsitsi anaimitsa makina ake, amayi ogulitsa tomato anatembenuka, ngakhale kondakitala wa basi anasiya kuitanira.

"Imwe bonse, mvelani! Ine Given, kuyamba lelo naloba zina ya mufana wanga! Nine Benard! Vake vonse ni vanga! Vonse! Mwamvela?"

"Tamvela, ba Benard!" anayankha amayi a tomato, akugundana zigongono.

Anabwerera m'kontena chifuwa chili patsogolo. "Bauze."

"Bamvela beka, foni inali yosegula."

M'fonimo munatuluka nthungululu yaitali, moti Tahir anaitalikitsa kukhutu. Kenako anamvetsera, akugwedeza mutu.

"Ehe... ehe... na matilesi? Okeyi... ehe." Anadula foni. "Bakuti zikomo maningi. Pasiwedi babwela nayo beka."

"Waona? Mukazi afuna chabe mau ya mwamuna!" Given anavina pang'ono, akugwedeza phewa.

"Babwela na bana bonse."

Phewa linaima.

"Na bambuya bao bana, baja bodwala mendo. Bakuti landilodi abapisha mu nyumba chifukwa bizinesi inayenda pa wilibala, so bazafikila ku nyumba kwa bamuna bao. Bakuti chikwangwani bazachiona, sibazasoba."

"Bamuna bao bati?"

"Ba Benard."

"Ine nakamba zina chabe!"

"Mwakamba vonse. Kabili. Bakuti zina siyenda yeka, na mwambo muuziba ndimwe."

"Mwambo uja unasila kudala! Tili mu tauni muno!"

"Ine sinenzo uziba. Mwaniphunzisa lelo." Tahir anapukuta galasi ndi kansalu. "Bafunsa futi ngati ba Belinda bazabasiyila bedi, olo bazayamba kugona mosinthana."

Belinda anali mkazi wa Given, wogulitsa nsomba zouma ku msika, mayi amene anatsitsapo kondakitala pa basi ndi dzanja limodzi, linalo litagwira dengu. Given atangomva dzinalo, analumphira foni ija. Mantha anamugwira enieni.

"Tuma futi! Bauze nenzo seka!"

Tahir anaimba. "Bazima. Bayenela bali mu basi."

"Peja!"

"Foni yozima siipejeka."

Given anayamba kuzula mawaya ngati akuzula mtedza. "Nizaipeleka kuli winangu ku Matero, wanzelu, osati iwe. Achose vonse, na zina yake, na tunkhunda twake!"

Tahir anaika dzanja pamwamba pa kompyuta, mwaulemu ndithu.

"Pano katundu timapasa mwine wake. Ngati ndimwe ba Benard, nyamulani, mukachingamile bakazi banu pa siteshoni. Ngati ndimwe ba Given, chosani manja."

Given anayang'ana kompyuta. Anayang'ana panja, pomwe amayi a tomato anali atasiya malonda n'kufika pakhomo, ndi wometa uja, ndi kasitomala wake wometedwa mutu theka. Kumsewu basi inaima, ndipo Given anatambasula khosi kuti aone amene akutsika.

Anachotsa manja pang'onopang'ono, natola chipewa chake, nachikung'untha, nagwira wilibala yopanda kanthu.

"Ba Benard, mwasiya katundu!" anafuula mayi mmodzi.

"Benard ali ku Chingwere, imwe, lekani kusewela na bakufa!" Anatembenukira kwa Tahir, mawu atatsika. "Mulamu akabwela, umuuze kuti ine nenzo musungila chabe kompyuta yake. Banthu ba masiku yano ni bakawalala, bangamupoke mukazi wamasiye."