Nyani wa Nambala 41

Zaka makumi atatu ndakhala ndikujambula ubongo wa anyani kuno ku Utrecht, kufufuza mmene mitsempha ya patsinde pa ubongo imakalambira. Tsiku limenelo ndinali nditangolemba kalata yopempha akuluakulu a pantchito kuti asandipumitse ntchito, pamene Renske, woyendetsa makina athu ojambulira ubongo, anandibweretsera pepala la miyeso lopanda dzina, monga mwa lamulo langa lomwe.

"Nambala 41," anatero, nkuliika patebulo.

Ndinangoponyapo diso. "Mayo! Uyu ndiye watheratu. Mitsempha yafooka yonse. Akumadya?"

"Kwambiri, a Pulofesa. Buledi ndi tchizi."

"Tchizi? Akumupatsa ndani?"

"Amabwera nazo yekha."

"Wakuba ndithu! Nanga kukwera mumtengo?"

"Sindinamuonepo. Pamasitepe amapumira kawiri."

"Mwaonatu! Amagwirizana ndi anzake?"

"Amawakalipira. Iwo amangomupirira."

Ndinamenya tebulo mokondwa, chitsiru ine. "Zizindikiro zonse za ukalamba! Apite akapume. Dzina lake ndani?"

"Munati dzina lisatchulidwe musanasaine."

"Ndikufunsa ndine."

"Analamulanso ndinu."

Ndinasaina mwamatama, dzina lonse, mpaka kulitseka mzere kunsi.

"Eya, ndani?"

"Ndinu, a Pulofesa."

"Ndani?"

"Inuyo. Makina atakonzedwa mwezi watha munagonamo kuti tiwayese. Munaliza mkonono mphindi makumi anayi."

Nkhope inandiyaka ndi manyazi. Pepala lomwelo limapita kwa akuluakulu aja Lolemba, pamodzi ndi pempho langa.

"Makinawa ndi akufa!" ndinakuwa.

"Chabwino." Anatulutsa cholembera. "Ndiye za anyani makumi anayi aja nditaye? Anajambulidwa ndi makina omwewa."

"Ayi! Zimenezo nzolondola!"

"Ndiye makina ali bwino."

"Ali bwino kwa anyani!"

"Makina sadziwa amene wagonamo, a Pulofesa. Munalemba nokha m'buku lanu, tsamba lachitatu."

"Mumawerengeranji mabuku anga?"

"Munatikakamiza."

Ndinakhala pansi. Mawondo anachita kulira, Renske nkuyang'ana pepala ngati akufuna kuwonjezerapo zimenezo.

"Ndiye ndiwauze chiyani akuluakulu?" anafunsa. "Makina afa, kapena nambala 41 apume?"

Ndinavula magalasi, nkuwapukuta nthawi yaitali.

"Lembani kuti nyaniyo ndi wokalambadi," ndinatero chapansipansi, "koma ntchito amaidziwa. Asungidwe zaka zina ziwiri."