Namapopa wa Nkhasi

Malemu anabadwa pa 9 Meyi 1961 ku Simlemba, ndipo anawatcha Lemani Kamanga. Sukulu analekezera Sitandade 8, koma mafunso sanaleke. Ali mwana ankatembenuza chilichonse chokwawa kuti aone kumimba kwake.

Mu 1985 anakwatira mayi Feggie, nasamukira kuno kumalire a nkhalango ya Kasungu kudzalima fodya.

Mu 2007, ife tili kalikiliki kukanganirana makuponi a feteleza, iwo anatola nkhasi, kamba wam'madzi wonunkha uja, italefuka m'dambo la nazale. Anaimanga pakaliyala ulendo wa ku Lifupa, komwe kunali dokotala wa nyama zakutchire. Ankangofuna kudziwa kuti chinthu chokhala m'chigoba chimayezedwa pati chikadwala. Dokotala anati yankho lili m'magazi, ndipo anawalemba ntchito yogwira nkhasi pozitenga magazi. Kumeneko anaphunzira kuti nkhasi nayo imachepa magazi, ndipo saibwezera m'madzi mpaka magaziwo atabwerera m'chimake.

Apa ndinene mosapsatira, anamfedwa. Mu 2017, mphekesera za opopa magazi zitamveka, anthu anaona majakisoni ndi timabotolo m'chikwama chawo n'kuwatcha namapopa. Ana ankawathawa. Kutchalitchi ankakhala okha pabenchi. Zinawawawa, nafenso abale zinatiwawa. Iwo ankangoitana aliyense kuti adzaone yekha ntchitoyo, koma sipanapezeke wobwera.

Mu Juni chaka chino anayamba kufooka, ndipo kuchipatala anawapeza kuti magazi achepa. Koma a Kamanga inu! Ali chigonere anachonderera kuti awaonetse magazi awo pamakina. Anadabwa kuona kuti timbulu ta magazi a munthu n'tozungulira pomwe ta nkhasi tili ngati dzira, ndipo anafotokozera wodi yonse. Anatisiya Lachiwiri pa 14 Ogasiti 2018.

Asiya mayi Feggie, ana asanu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi nkhasi imodzi m'beseni kuseri kwa chigafa, yomwe anaitola asanagonekedwe. Tikuthokoza adzukulu, amayi amvano, anamwino, komanso dokotala wa ku Lifupa, amene dzulo anaiyeza nkhasiyo n'kupeza kuti yachira. Mawa tikaibwezera kudambo. Inu amene ankakuitanani mudzaone, ndipo simunabwere, mubwere.

Bambo athu a Kamanga, dzina lanu takubwezerani. Mzimu wanu uuse mumtendere.