Nkhope ya Mkamwini pa Chimbale

Masiku amenewo mafoni asanayambe kujambula, ukwati uliwonse muno m'Kabwe unkafuna munthu wa kamera, ndipo kwathu ku komboni ya Chowa munthuyo ndinali ine. Musaseke, adzukulu, imvi izi zabwera dzana. Inu lero mukajambula mumangodina chala, vidiyo yafika kale ku Lusaka, koma ife tinkayamba takhala pa kompyuta n'kudula zosafunika, kenako n'kuika filimuyo pa chimbale cha DVD, ntchito imene tinkaitcha kubena.

Tsono kunabwera amake Tisa, anzathu ochokera ku Petauke, amene ndinali nditangowajambulira ukwati wa mwana wawoyo. Anati, "Atate anga kumudzi miyendo inakana, sanabwere ku ukwati, ndipo mkamwini sanamuonepo. Akuti sadalitsa munthu amene sakumudziwa nkhope. Mundikonzere bwino, aone okha."

Koma sanabwere okha. Anali ndi alongo awo, ba Sakala, amalume a mkwatibwi, munthu woti akagwira maikolofoni mumayamba kuwerenga malata a denga. Iwo anati, "Manje iwe, zonse zilowe pa chimbale chimodzi. Kutchalitchi, kuholo, kuvina, na mawu anga onse. Osachotsako olo kamodzi."

Mvetsani, ana inu. Chimbale chili ngati minibasi ya ku Chowa: anthu okwanira amakhala bwino, koma kondakitala akachita dyera, aliyense amatsika atakwinyika. Chimanyamula bwino ola limodzi kapena awiri, ukapitirira pamenepo kompyuta imafinya zithunzi kuti zikwane, ndipo choyamba kuwonongeka ndi nkhope. Ukwati wa Tisa unali wa tsiku lonse.

Sindinakangane nawo, mkulu sauzidwa kuti walakwa pamaso pa mlongo wake. Ndinangobena chimbale choyesera monga anafunira, n'kuwaikira pa TV. Titafika pamene mkamwini amalowa m'holo akuvina, mutu wake unasweka kukhala timabokositimabokosi, maso ndi mphuno osadziwika malire ake. Amake Tisa anagwira pakamwa, ndipo ine chisoni chinandigwira, chifukwa ndinkadziwa kuti nkhalamba ya kumudzi ija maso ake anali kale ofooka.

"Uyu ndiye tikaonetse atate?" anafunsa motero, akuyang'ana alongo awo.

Ba Sakala anakanda kumutu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, koma mawu awo sankafuna kuti akhudzidwe. Ndiye ndinati, "Ba Sakala, mawu ngati anu aja si oti apanikizane ndi phokoso la ovina. Afunika chimbale chawochawo, chithunzi chanu chili pamwamba."

Mukanaona mmene anakonzera tayi! Anati, "Mwana uyu ali na nzeru."

Ndinabwerera pa kompyuta mtima uli m'malo. Zolankhula zonse ndinazipatula n'kuziika pa chimbale cha ba Sakala, mizere ya anthu opita kukatenga chakudya ndinachotsa, ndipo ndinasiya malumbiro, kuvina, ndi pamene mkamwini anagwada kupatsa moni apongozi ake kamera ili pafupi. Ndinagula chimbale chabwino, osati zija zotchipa zimene zinkakandika ukangoziyang'ana, ndipo ndinabena pa liwiro lotsika, pakuti kuthamanga sikufika. Inu a masiku ano mukanatopa n'kuyamba kudinadina, koma ine ndinakhala phee mpaka chinatuluka chokha, n'kuchiyesa pa makina a aneba kuti nditsimikize.

Amake Tisa anakwera nacho basi mpaka ku Petauke, ndipo atabwerako anandipeza ndikutsegula shopu. Akuti anabwereka TV ndi makina a DVD a aphunzitsi, komanso batire ya galimoto, mudzi wonse unasonkhana, ndipo nkhalamba anaikhazika kutsogolo. Pamene mkamwini anagwada n'kumwetulira, agogowo anati aimitse filimu. Anasendera pafupi, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaika dzanja pagalasi n'kunena kuti, "Ali ndi kampata m'mano, ndipo maso ake sathawa munthu. Kamuuzeni kuti ndi mwana wanga." Mayi uja pondiuza izi ankaseka, misozi ili mbwee, ndipo inenso ndinakondwa kuposa tsiku lililonse pa ntchito imeneyo.

Ba Sakala nawo chimbale chawo ankaikira mlendo aliyense wofika pakhomo, moti anthu anayamba kumawapatsira moni ali kumsewu.

Tsono inu, adzukulu, mafoni anu adzaza ndi mavidiyo amene ngakhale eni akenu simuwaonanso. Sindikuletsani kujambula, koma musanadine muziyamba mwadzifunsa kuti amene adzaonere ndani, ndipo akufuna kuona chiyani. Chimenecho muchipatse malo okwanira, kuti tsiku lina wina akafuna kuona nkhope yanu, adzaipeze ili yonse.