Odwala a pa Mphasa ya ba Sisita Mbewe

Zaka zija ufa unkasowa mu Lusaka muno, amayi akumakaima pamzere wa sopo ndi mafuta ophikira n'kubwerako chimanjamanja, ine ndinali mtsikana ngati inuyo, ndikuphunzira unamwino. Taikani kaye mafoniwo pansi, mayeso anu sathawa. Inu lero mumayeserera kufunsa wodwala pa anzanu, wina n'kumanamizira mutu uku akuseka, koma ife tinaphunzirira pa anthu akufa, ndipo sindikunena mitembo ayi.

Nthawi imeneyo m'chipatala munalibe mankhwala, magolovesi tinkachapa n'kuyanika, makina ojambulira ali chiferecho, ndiye chida chimene chinatsala chinali pakamwa pa namwino. Ukafunsa bwino, dokotala ankapeza poyambira, koma ukafunsa mwamphwayi, munthu ankabwerera ku komboni ndi timapilisi ta mutu kukafera kwawo. N'chifukwa chake mayeso a kufunsa wodwala mbiri ya matenda ake anali owawa, ndipo ukalephera kachiwiri ankakuuza kuti ulongedze.

Mphunzitsi wathu, ba Sisita Mbewe, mayi wamtali wosaseka wamba, ankatiitana Loweruka masana kunyumba kwawo ku Matero. Ankatseka zenera, n'kugona pamphasa, n'kufunda chitenje mpaka m'khosi, ndipo akatsegula maso sanalinso iwo. Ankatenga mmodzi mwa odwala amene anafera m'manja mwawo n'kumayankha ndendende mmene iye ankayankhira, dzina lokha ndilo ankasintha. Lero ndi bambo wokankha wilibala wa ku Misisi, wopuma mobanika, sabata yamawa ndi gogo wogontha wa ku komboni ya George, mawu ake, chifuwa chake, ngakhale kapindidwe ka zala. Kunja dzuwa likuswa mtengo, maminibasi akuitanira anthu, koma m'chipindamo thupi linkachita tsembwe. Ine ndinkadana nalo Loweruka, ndisakunamizeni.

Mnzanga Esinati Tembo wa ku Kanyama anali atalephera kale kamodzi. Mutu anali nawo kuposa tonsefe, chimene chinkamugwetsa ndi ulemu. Analeredwa mmene tinaleredwera ife a kummawa, kuti mwana safunsa mayi wamkulu za pansi pa chitenje, ndiye wodwala akangoti ndi malungo, iye ankagwetsa nkhope n'kuvomera. Mayi ake anamwalira iye ali kusekondale yogonera komweko, achibale akuti malungo, ndipo azing'ono ake awiri ankayang'ana kwa iye. Akanalepheranso akanabwerera pamsewu kukagulitsa makala pamene ankakhala malemuwo.

Loweruka lomaliza mayeso asanafike, mpando wa pafupi ndi mphasa unali wake. Ba Sisita anafunda, anatsinzina, kenako anatsegula maso otopa a munthu wina.

"Muli bwanji, amama? Chavuta ni chani?" anafunsa Esinati.

"Ni kulema chabe, mwana wanga. Ntchito ya masaka," anatero mawu a pamphasa, otsika, achifatse.

Esinati anayamba kale kugwedeza mutu kuti nkhani yatha, ine n'kumugunda ndi chigongono. Apo anafunsa ngati pali pamene pakuwawa. Dzanja linatuluka m'chitenje pang'onopang'ono n'kugwira m'munsi mwa mchombo.

"Ni mlendo wanga uyu. Akabwera nimamuikira botolo ya madzi otentha, amapita."

Cholembera cha Esinati chinagwa pansi. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mayi ake ankatero kumene, atakhala pakati pa masaka a makala, botolo lili pamimba. Ine apo ndinangoona milomo yake yayera ngati phulusa. Ndinati athawa, koma anasendeza mpando kufupi.

"Amama, kumwezi munasiya?"

"Ninasiya kale. Koma vinabwelela."

"Magazi?"

"Ee. Nsalu nimachapa m'mamawa, ana akalibe kuuka."

"Munauzako ndani?"

"Palibe. Mwana wanga mkulu ali ku sukulu, ni wanzelu maningi. Akamvela azasiya."

Ana inu, Esinati anafunsa zonse tsiku limenelo, za fungo, za kuonda, za pokodza, za amuna awo, zinthu zimene mlomo wake unali usanatchulepo, misozi ikudontha pa yunifolomu koma mawu osagwedera. Mayankho ankabwera mmodzimmodzi, ndipo tonse tinazindikira kuti mayiyo sanafe ndi kulema kapena malungo, anafa ndi chotupa cha m'chiberekero chimene palibe anachifunsa mpaka nthawi itatha. Ndiye Esinati anafunsa funso limene mulibe m'buku lanu lililonse.

"Amama, nanga pa holide, pamene tinali kuchapa pamodzi, simunaniuze chifukwa chani?"

Maso aja anatembenukira kwa iye n'kumuyang'ana nthawi yaitali.

"Unali kuona mu ndowa, Esi. Sunanifunse."

Ba Sisita sankatiitana ndi maina a kunyumba, kwa iwo tinali Tembo, Zulu, Banda. Kenako iwo anadzuka, n'kupinda chitenje, n'kumwa madzi, n'kunena ndi mawu awo enieni kuti, "Wafunsa bwino, Tembo." Patapita zaka, tili pantchito limodzi, ndinawafunsa ngati ankadziwa kuti anatenga mayi a mwana wawo wasukulu. Anandiyang'ana modabwa. Anati mayi wa makala akumukumbuka, koma dzina la mwana wake sanalimvepo, ndipo mawu omalizawo sakukumbuka kuti anatuluka pakamwa pawo. Kaya ankanama kaya zoona, ine sindikudziwa, ndipo ndikaganiza za masana amenewo ndimaopabe.

Mayeso Esinati anakhoza, ndipo anawaphunzitsa azing'ono ake onse. Anagwira ntchito m'makiliniki a m'komboni mpaka tsitsi kuyera, ndipo azimayi ankati nasi uja alibe manyazi, amatseka chitseko n'kukufunsa za mkati ngati mnzako wa kuchinamwali, koma ankabwereranso kwa iye yemweyo, atatenga ndi anzawo. Ku Matero kokha sanapondekonso.

Ndiye inu muwerenge, mukhoze, sindikukukanizani. Ulemu musautaye, koma usakutsekeni pakamwa. Ndipo musadikire wodwala wa pabedi la mayeso. Mukafika kwanu madzulo ano, amayi anu akakuuzani kuti angotopa, musathamangire kukawatsukira mbale. Khalani nawo pansi, muwafunse kuti kutopako kunayamba liti, adakali okhoza kukuyankhani ndi pakamwa pawo.