Mango a M'njira Yothawira

Pokwerera galimoto ku Moatize, nkhondo itangotha, mayi ndi bambo osadziwana ankadikira shapa, minibasi ya ku Zóbuè.

"Nkhondo ilibe dongosolo, bambo. Inangotimwaza ngati mankhusu."

"Inenso ndinkatero, mayi! Koma mwezi watha ndapeza mudzi wathu, tchire litaumeza wonse."

"Mwaupeza bwanji?"

"Pothawira ku Malawi tinkadya mango tikuyenda, n'kumataya njere. Pano ndi mitengo! Mzere umodzi, kuyambira kumalire mpaka pamanda a bambo anga!"

"Aaa, zinangochitika izo. Njere idziwa njira?"

"Nanga ine ndafika bwanji? Munda ndayamba kale kulima!"

"Ndiye mukuti anabzala ndi Mulungu?"

"Ayi mayi, anabzala ndi mantha. Koma mango akewo, kutsekemera!"